Tiwaya Tiwiri Pansi pa Boneti

Snowmobile ilibe klatchi yofinya ndi dzanja, ilibenso nyutulo. Mugwire kaye zimenezi, chifukwa mkangano wonse umene ndikufuna kukuuzani wagona pamenepo.

Aliyense amene anakwerapo kabaza wa njinga yamoto amadziwa kuti moto umawonjezedwa popotokola chogwirira cha kumanja, ndipo zikavuta woyendetsa amangofinya klatchi, injini n'kumalira yokha tayala litamasuka. Njinga ya pa sinowo sinapangidwe choncho. Kutsogolo kuli ma ski awiri, kumbuyo kuli chilamba cha raba chamanomano chimene chimapalasa chipale ngati nkhuku pa dzala. Moto umaperekedwa ndi chala chachikulu cha kumanja pokankha kaliva ka pulasitiki, ndipo buleki ili kumanzere. Klatchi yake imadzigwira yokha. Injini ikangofika pa 3,000 kapena 4,000 rpm, kutengera mtundu wake, klatchi imaluma lamba ndipo chinthucho chimanyamuka. Sichifunsa ngati pampando pali munthu. Chimalemera makilogalamu opitirira 200, ndipo ngakhale chakale chimathamanga kuposa minibasi ya pa M1.

Ndimakhala kumpoto kwa Minnesota, kwao kwa akazi anga. Inde, ndine mkamwini, kungoti chikamwini chake n'cha kudziko kumene nyanja zimaundana mpaka magalimoto kumayenda pamwamba pake. Kuno snowmobile si choseweretsa cha olemera okha. Makampani awiri otchuka anabadwira m'dera lomwe lino: Polaris ku Roseau mu 1954, ndi Arctic Cat ku Thief River Falls patadutsa zaka zochepa. Minnesota ili ndi tinjira ta njingazi totalika pafupifupi mamailosi 22,000, ndiye kuti makilomita 35,000, ndipo tambiri amatisalaza ndi makalabu a anthu wamba ongodzipereka. Mwana wa kuno amakula akudziwa fungo la utsi wa two-stroke monga ife tinkadziwira fungo la mvula yoyamba. Ine ndinaphunzira ndili bambo kale, ndipo ndinalemba nawo mayeso a satifiketi imene lamulo limafuna kwa aliyense wobadwa chitatha chaka cha 1976.

Yanga ndi yakale, ya m'zaka za m'ma 1990, ya masilinda awiri ndi makabuleta awiri, yoliza pokoka chingwe ngati jenereta. Ndinaigula kwa mkulu wina wa tauni yoyandikana nafe, munthu wamtali ngati mlongoti, amene anaikweza mahandulo kuti aziyendetsa ataimirira. Ndinaigula mu 2023, ndipo tsoka lake nyengo yozizira ya 2023 mpaka 2024 inali yofunda kuposa zonse zimene Minnesota inalembapo. Tinjira tambiri tinangokhala udzu wouma. Njinga inagona m'galaja pafupifupi chaka chathunthu itavala lona. Ndiye sinowo atagwa wokwanira nyengo yotsatira, Loweruka lililonse linali ngati golide. Munthu sunkafuna kumva kuti chinachake chawonongeka.

Chinawonongeka. Kuliza inkalira bwinobwino, n'kumanong'ona pa aidulo mwaulemu. Ukakankha moto nthawi zina inkanyamuka ngati palibe vuto. Nthawi zina inkangoti bu-bu-bu, kutsokomola, kuombera kamodzi ku ekizozi, osafika pamene klatchi imaluma. Ukasiya kaliva, yabwerera pa aidulo ngati sinalakwe. Matenda obwera n'kupita ngati amenewa ndi oipa kuposa kufa kwenikweni kwa injini, chifukwa ukaitana munthu kuti aone, tsiku limenelo imayenda ngati yatsopano.

Ndinayamba ndi zotchipa, monga mmene aliyense amayambira. Mapulagi atsopano. Petulo watsopano, chifukwa petulo wamba wa ku Minnesota amasakaniza ndi ethanol 10 peresenti, zofanana ndi kwathu kumene takhala tikusakaniza kuyambira 1982 ndi ethanol wa ku Dwangwa. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo petulo wogonera chaka amasiya phula limene limatseka timabowo ta majeti. Ndinamasula makabuleta onse awiri, ndinatsuka jeti iliyonse mpaka kuwala kumaoneka mbali inayo, ndinabwezera. Inalira mokoma kuposa kale. Nditatuluka nayo, pa kona yachiwiri, bu-bu-bu.

Mlamu wanga, mchimwene wa akazi anga, anayamba kuyendetsa njingazi asanayambe sukulu. Anabwera m'galaja Lachitatu madzulo, anamvetsera kwa masekondi osakwana khumi, n'kuseka.

"Alamu, makabuleta anu alibe mlandu. Ndi kaswitchi kaja. Tsegulani boneti ndikuonetseni."

Analoza tiwaya tiwiri tochokera ku makabuleta, tolowa mu kapulagi ka pulasitiki kochepa ngati chikhadabo. Apa ndiyenera kukufotokozerani chimene tiwayato timachita, popeza inenso ndinachimvetsa bwino sabata yomweyo.

Kuchokera pa kaliva ka chala chachikulu pali kebulo yopita ku makabuleta. Mkati mwa kabuleta aliyense muli kachitseko kachitsulo kamene kamakwera ukakankha moto, mpweya ndi petulo n'kumalowa zambiri. Ukasiya, sipuling'i imakabwezera pansi. Vuto la dziko lozizira n'lakuti madzi amabisala paliponse. Njinga ikagona m'galaja lofunda, chinyezi chimalowa m'kebulo. Ukatuluka nayo pa madigiri 25 pansi pa ziro, chinyezicho chimasanduka ayezi. Ukamayenda m'sinowo wofewa ngati ufa, injini imayamwa fumbi lakelo n'kukaundana pa kachitseko. Zikatero chala chimachoka pa kaliva koma kachitseko kamatsala m'mwamba. Injini imapitiriza kukuwa, klatchi imalumabe, ndipo iwe wangosanduka katundu.

Opanga njingazi anaikamo mlonda wa vuto limeneli. A Yamaha amamutcha TORS, kutanthauza Throttle Override System. A Polaris amati throttle safety switch. Pa ma Arctic Cat ambiri akale pali timaginito pa tizitseko ta makabuleta, timene timauza switchi ngati tatsika mpaka pansi. Mapangidwe amasiyana, koma pa yanga ndi zina zambiri nzeru yake ili ngati mlandu wa mboni ziwiri. Mboni yoyamba ili pa kaliva, imanena ngati chala chikukankha. Yachiwiri ili pa makabuleta, imanena ngati tizitseko tatseguka. Zonse zikati "ayi", injini ili pa aidulo, palibe nkhani. Zonse zikati "inde", ulendo ulipo. Koma ya pa kaliva ikati "chala kulibe" pamene ya pa kabuleta ikuti "ine ndatseguka", kabokosi koyendetsa moto wa mapulagi kamadula nkhani pomwepo. Pa njinga zina kamazimitsiratu injini. Pa zina kamangoitsamwitsa kuti isafike pamene klatchi imaluma. Bu-bu-bu uja ndi ameneyo.

Tinakweza kumbuyo kwa njinga pa sitandi kuti chilamba chizizungulira m'malere, ma ski titawagunditsa kukhoma, chitseko cha galaja chili pululu chifukwa utsi wa injini m'chipinda chotseka umapha mwakachetechete. Mlamu anazula kapulagi kaja, anachita zake ndi kachidutswa ka waya, ndipo ndinakoka chingwe. Nditakankha moto injini inakuwa mpaka zitini za pa shelefu kunjenjemera. Kakhumi konse, osatsokomola ngakhale kamodzi.

"Basi, yachira," anatero akupukuta manja. "Kulungani tepi, Loweruka tinyamuke. Zanga zonse ndinazichotsa kalekale."

Sindikufuna muganize kuti mlamu wanga ndi munthu wosasamala, chifukwa mfundo yake ndi yolemera. Ali mnyamata, njinga yake inazima usiku pakati pa nyanja youndana, makilomita angapo kuchokera kumtunda, ndipo chimene chinaizimitsa chinali kaswitchi komweka katachita dzimbiri. Panalibe chokanirira chilichonse. Anayenda wapansi mpaka pa nyumba yoyamba yoyaka magetsi, ndipo zala ziwiri za kuphazi mpaka lero sizimva bwino. Kuzizira kwa kuno si kwa ku Dedza mu June. Pa 2 February 1996, pafupi ndi tauni ya Tower, kunazizira kufika madigiri 60 pansi pa ziro pa muyezo wa Fahrenheit, amene ndi 51 pansi pa ziro pa muyezo wathu. Ngakhale pa usiku wamba wa Januwale, pa 30 pansi pa ziro kukamawomba mphepo, khungu losavala limayamba kuundana pa mphindi khumi zokha. Munthu amene njinga yamuzimira kutali ndi msewu amakhala pa ngozi yeniyeni. Kwa mlamu, mlonda amene angakutsekere panja usiku woterewu ndi mdani, ndipo ananena mosabisa kuti bola kudalira dzanja lake kusiyana ndi kapulasitiki ka zaka 30.

Chimene sindinagwirizane naye n'chakuti yachira. Kuyesa kwathu kunangotiuza amene ankadula moto. Sikunatiuze chifukwa chake. Mboni ikakuwa kuti "wakuba!", kuitseka pakamwa kumabweretsa bata, koma funso loti wakubayo analipo kapena ayi limatsalabe. Mwina switchi inali yowola, ikunama. Mwinanso inkanena zoona. Pa sitandi paja, mahandulo ali chilili kuloza kutsogolo, m'galaja lofunda, zonse ziwiri zikanaoneka chimodzimodzi.

Usiku umenewo ndinaimbira malume anga pa WhatsApp. Kwathu kunali kutacha kale. Iwo akhala akukonza njinga zamoto ku Biwi mu Lilongwe kwa zaka zambiri, ndipo kunena zoona ndinkayembekezera kuti agwirizana ndi mlamu. Ndinakula ndikuwaona akulumikiza dayilekiti chilichonse chovuta. Fyuzi yapsa, kulunga kawaya. Switchi ya sitandi ya m'mbali yafa, kudula n'kupota. Kiyi wasowa, tiwaya tiwiri pansi pa thanki. Njinga zambiri za kabaza mu mzinda uja zikuyenda ndi nzeru zoterezi, ndipo anthu akudyetsa nazo ana.

Ndinawaonetsa njinga pa vidiyo. Anaseka kaye ma ski, akuti ndagula bwato. Kenako anafunsa:

"Ndiye moto ukakanirira, mphwanga, umafinya klatchi?"

"Klatchi yofinya palibe, malume. Imaluma yokha."

"Nyutulo?"

"Palibe."

Anakhala chete, ndikumva ma sipanala akulira kumbuyo kwawo.

"Nanga sipeya wake amapezeka?"

"Amapezeka. Kuitanitsa pa foni pompano, sabata ya mawa wafika."

"Ndiye ukufuna kudula waya chifukwa chiyani? Ife kuno timadula chifukwa sipeya kulibe, kapena mwini njinga ali ndi 2,000 kwacha yokha m'thumba ndipo ana akudikira ufa. Si kuti timakonda. Iwe galu wamkota wakanda pakhomo, m'malo moti utuluke ukaone, ukufuna um'mange pakamwa?"

Ananenanso china chimene chinandikhala. Akuti vuto la waya wodula n'lakuti amamudziwa ndi wodulayo yekha. Iye amayendetsa mochenjera chifukwa akudziwa chimene chikusowa. Koma njinga imabwerekedwa, imagulitsidwa, imakwera mwana. Wachiwiriyo amakhulupirira kuti zonse zimene fakitale inaikamo zilipo.

Mawa lake nditaweruka ndinabwezera kapulagi m'malo mwake n'kuyamba kufunsa mboni imodziimodzi, injini ili chizimire. Ndinatenga mita yoyezera magetsi, ndinaiika poti izilira waya akalumikizana. Switchi ya pa kaliva inayankha bwino: kukankha, yasintha, kusiya, yabwerera. Ndinagwedeza kaliva m'mbali, chifukwa kachitsulo kamene kalivako kamazungulirapo kakadyeka switchi imachedwa kumva chala, ndipo golovesi yokhuthala imakankha mokhota. Panalibe kugwedera kodetsa nkhawa. Switchi ya ku makabuleta nayo inayankha bwino. Timapini ta mu kapulagi tinali ndi kadzimbiri kobiriwira pang'ono, ndinatipala, koma sikanali kokwanira kufotokoza matenda onse aja.

Zinthu zina zimene zimanamiza mlondayu n'zosavuta kuziona ukadziwa poyang'ana. Sikulu ya aidulo ikakwezedwa kwambiri, tizitseko sititsika mpaka pamene switchi imatiyembekezera, ndiye imaganiza kuti tatseguka. Kebulo ikamangidwa kwambiri, tizitseko timayamba kukwera switchi ya pa kaliva isanamve kuti chala chafika. N'chifukwa chake buku la njinga iliyonse limanena kampata kamene kaliva kayenera kuyenda kasanayambe kukoka, kampata kochepa kwambiri, pa zina kosakwana milimita imodzi, pa zina mamilimita awiri kapena atatu. Pa mapangidwe ena vuto limabwera kebulo ikakhwepa mopitirira. Ndinayeza kanga mahandulo ali owongoka. Kanali m'malo mwake.

Ndiye ndinakumbukira kuti bu-bu-bu ankakonda pa kona. Ndinachotsa bokosi la mpweya kuti ndizitha kuona m'kamwa mwa makabuleta, ndinaunika ndi tochi, n'kupempha mwana wanga wamkazi kuti akhotetse mahandulo pang'onopang'ono. Kumanja, palibe chinasuntha. Kumanzere, atatsala pang'ono kufika kumapeto, tizitseko tonse tiwiri tinanyamuka tokha. Pang'ono chabe, mpata wolowa ndalama yachitsulo, koma tinanyamuka popanda munthu kukhudza kaliva.

"Adadi, tasuntha tokha," anatero.

Mkulu wamtali uja atakweza mahandulo anasiya kebulo yakale yomwe ija, yofupika. Mahandulo akakhota kumanzere, mbali ya kumanja imapita kutsogolo n'kukoka kebuloyo ngati uta. Kukokedwa kwa zaka kunachitanso china. Pali kabokosi kamene kebulo imodzi yochokera ku kaliva imagawikana kupita ku makabuleta awiri ndi ku pampu ya oilo. Nditakatsegula ndinapeza timinga titatu ta waya titaduka n'kuyang'ana m'mbali ngati ndevu za mphaka, ndi madontho a madzi a dzimbiri. Ndinakankha kaliva mpaka kumapeto n'kusiya mwadzidzidzi. Makabuleta abwino amayenera kulira "kha" kamodzi, tizitseko tonse titagunda pansi nthawi imodzi. Anga ankati "kha", kenako patapita kamphindi, "kha" wina waulesi. Mmenemo munali m'galaja lofunda. Madontho aja akanaundana pa nyanja, "kha" wachiwiriyo mwina sakanabwera n'komwe.

Switchi sinkanama. Nthawi iliyonse imene inkatsamwitsa injini, kabuleta anali atatsegukadi kuposa mmene chala chinalamulira.

Ndinamutumizira mlamu chithunzi cha timinga tija. Anayankha kuti chabwino, kebulo isinthidwe, koma switchi ichotsedwebe, chifukwa tsiku lina idzanama ndithu, ndipo moto ukakanirira pali batani lofiira lozimitsira pa handulo, palinso buleki. Apa m'pamene tinakanganadi, ulendo uno pa tebulo la apongozi Lachisanu, iwo akungotiyang'ana uku akudula nyama.

Ndinamuwerengera masamu. Malire a liwiro pa tinjira ta boma ku Minnesota ndi mamailosi 50 pa ola, amene ndi makilomita 80. Pa liwiro limenelo njinga imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. Tinjira tambiri timadutsa m'nkhalango, mitengo ili mbali zonse, ndipo munthu umasiya moto pamene waona kona. Ndiye kuti umazindikira kuti moto wakanirira pa nthawi yomwe unafunika kuti uchepe. Sekondi yoyamba imathera kudabwa. Thupi limakankhidwira kumbuyo, ndipo chimene manja amachita mwachibadwa ndi kugwiritsitsa mahandulo, osati kusiya kuti akasake batani. Buleki imalimbana ndi injini imene ikukoka ndi mphamvu zake zonse. Munthu wozolowera ngati mlamu mwina amenya batani pa sekondi yachiwiri, atadutsa mamita 40. Switchi imadula moto chala chikangochoka.

Palinso nthawi imene batani lofiira silithandiza n'komwe, chifukwa palibe amene ali pampando. Njinga yokoka chingwe umailiza utaima pambali pake. Ngati kachitseko kanaundana kali m'mwamba usiku, injini ikangogwira imakuwa, klatchi imaluma, njinga imachoka m'manja mwako n'kulowera kumene ma ski aloza. Pakhomo pathu ma ski amakonda kuloza kumene kuli thanki ya gasi ndi khonde la aneba.

China chimene ambiri sadziwa n'chakuti pa njinga zina waya wa switchi imeneyi ndi wa batani lofiira amadutsira pa pulagi imodzi. Mabuku a Polaris amanena poyera kuti pa nthawi ya ngozi, ngati palibiretu njira ina yolizira injini, munthu angathe kuzula zonse ziwiri, koma akatero kiyi yekha ndi amene angazimitse injini, ndipo asapitirize kuyenda choncho kupitirira pofika kokakonzetsa. Ndiye pali anthu amene anazula pulagi zaka zapitazo, akuyenda modalira batani limene linafa tsiku lomwelo. Ndinafunsa mlamu kuti analiyesa liti lake. Anati limagwira. Apongozi anakweza maso n'kumufunsa kuti, "Wafunsidwa kuti unaliyesa liti." Sanayankhe, anangotenga mbatata zina.

Chimene sindinanene pa tebulo paja, chifukwa mwini wake anali pompo, ndi mwana wanga. Ali ndi zaka 12, ndipo chaka chomwecho anali atangotenga satifiketi yake ya achinyamata, imene kuno imalola mwana wa msinkhu umenewo kuyendetsa. Njinga imene amaphunzirira ndi yanga yomweyi, pa munda wa agogo ake ndi m'mphepete mwa nyanja. Dzanja lake likavala golovesi, chala chachikulu chimangofika pa kaliva movutikira. Kuti amenye batani lofiira ayenera kusiya chogwirira. Mlamu akamati "dzanja langa ndi lokwanira" amanena za dzanja la munthu wa zaka 40 amene wagwa kambirimbiri n'kudzuka. Njinga siidziwa kuti lero lagwira ndi dzanja liti.

Komabe mantha a mlamu sindinawataye, chifukwa nawonso ndi oona. Switchi ya zaka 30 ingathe kufa usiku pakati pa nyanja, ndipo pamenepo kudziwa kuidumpha kungakhale kusiyana kwa kugona pabedi ndi kugona m'chipatala. Kumene ndinaima n'kwakuti kudumpha switchi ndi chida, ngati jeke. Umaigwiritsa ntchito poyeza, chilamba chili m'malere, kuti udziwe mbali imene vuto lili. Umaigwiritsanso ntchito kuti ufike kunyumba, koma utayamba watsegula boneti, wakankha kaliva kangapo injini ili chizimire, wamva "kha" mmodzi woyera, watsimikiza kuti wonama ndi switchi osati kabuleta. Ukatero umayenda pang'onopang'ono, wekha pampando, ndipo ukafika umabwezera usanavule nsapato. Palibe amene amayenda ndi galimoto jeke ili pansi.

Ndinaitanitsa kebulo yotalikirapo yogwirizana ndi mahandulo okwezedwa, pamodzi ndi tether, kachingwe kamene mbali imodzi umakoleka pa jekete ndipo inayo imalowa pa switchi ya pa njinga, kuti ukagwa kazuke injini n'kuzima. Ma Ski-Doo akhala akubwera nako kuchokera ku fakitale kwa zaka zambiri, koma njinga zambiri zakale za makampani ena zilibe, umachita kuikira wekha. Kachingweka sikalowa m'malo mwa switchi ya moto, chifukwa kamagwira ntchito pokhapokha wachoka pampando. Kamatseka mpata wina, uja wa njinga yothawa yokha. Zonse pamodzi sizinakwane madola 100.

Zinatenga masiku asanu ndi anayi kuti zifike. Loweruka lija kunacha bwino kwambiri, kumwamba kuli mbee, sinowo watsopano atagwa usiku. Ndinaima pawindo ndi kapu ya tiyi ndikuona mlamu ndi anzake anayi akudutsa kuseri kwa nyumba, mmodzi ndi mmodzi, aliyense akukweza dzanja. Mwana wanga sanandiyankhule mpaka masana. Akazi anga, amene anakulira m'nyumba imodzi ndi mlamu ndipo amadziwa nkhani ya zala zake kuposa ine, anangoti, "Mukanatha kupita, koma mwana sakanakwera." Kunena zoona Loweruka lotsatira kunafunda, sinowo anasungunuka theka, ndipo tsiku ngati lija silinabwerenso mwezi umenewo.

Kuika kebulo kunanditengera madzulo awiri, chifukwa ukasintha kebulo uyenera kulinganizanso makabuleta kuti tizitseko tizinyamuka limodzi, ndi kuonanso chizindikiro cha pa pampu ya oilo, apo ayi injini ya two-stroke imadya oilo wochepa n'kupsa. Ndinadutsitsa kebulo mosapinda, ndinayeza kampata ka kaliva mahandulo ali pakati, ali kumanja, ali kumanzere mpaka kumapeto. Mwana anagwira tochi. Tizitseko sitinasunthe. Ndinapaka girisi wa magetsi pa timapini ta kapulagi kuti dzimbiri lisabwerere.

Kenako tinayesa mlonda mwiniwakeyo, njinga ili pa sitandi. Pali njira yake: umagwira kaliva pamene kamazungulira kuti switchi yake isamve kukankha, kenako n'kukoka moto pang'onopang'ono, kunamizira kuti kabuleta watseguka chala kulibe. Injini inangoti bu-bu-bu, chilamba osasuntha. Phokoso lomwe lija linandisowetsa tulo milungu iwiri. Ndinamuuza mwana kuti ayese yekha, kenako amenye batani lofiira, kenako akoke tether, chilichonse katatu, mpaka dzanja lizolowere. Tsopano amachita zimenezi asananyamuke ulendo uliwonse, ndipo amakankha kaliva katatu injini isanalire kuti amve "kha".

M'kachikwama ka zida pansi pa mpando ndinaikamo kachidutswa ka waya kokhala ndi timapini kumapeto, nditakakulunga tepi yofiira, pamodzi ndi mapulagi awiri, lamba wapadera ndi tochi. Sindinakagwiritsepo ntchito. Mlamu anakaona tsiku lina akufuna sipanala, anakanyamula m'mwamba n'kundiyang'ana akumwetulira, ngati munthu amene wapambana theka la mlandu. Njinga zake zitatu zikadali zodumphidwa. Mwezi wa Malichi anauza mwana wanga kuti ayese yake yatsopano, yamphamvu kuposa yanga kawiri, ndipo ndinakana pamaso pa anthu. Sizinamusangalatse, ndipo kwa milungu ingapo moni wathu unali waufupi. Akazi anga akuti anamuona Lamlungu lina m'galaja mwake, boneti ili yotsegula, akumenya batani lofiira la njinga iliyonse. Pa ziwiri injini inazima. Yachitatu anachita kuizimitsa ndi kiyi.